Walakwa Ndani, Kapena Chalakwika N'chiyani?

Minibasi ikagubuduzika pamsewu wa M1 kapena bwato likamira panyanja, funso loyamba kutuluka pakamwa pathu limakhala lakuti, "Walakwa ndani?" Timafuna dzina. Tikalipeza, kaya ndi la dalaivala amene amathamanga kwambiri, kaya la mwini galimoto amene adaumira kugula matayala, mtima umakhalako pansi ngati kuti nkhani yatha. Koma m'maiko ambiri muli anthu amene boma limawapatsa mipando ikuluikulu kuti azifunsa funso lina: chalakwika n'chiyani, ndipo pachitike chiyani kuti chimenechi chisadzaphenso munthu wina? Amenewa ndi atsogoleri a mabungwe ofufuza ngozi za ndege, sitima ndi galimoto.

Mwina wina adabwa kuti nkhani ya maofesi a boma ikudzatani pamphasa ya maphunziro athu. Yabwera chifukwa ntchito ya anthuwa ikukhudza mfundo imene imatisowetsa mtendere kuyambira m'buku loyamba la Ruhi. M'masamba oyandikana timaphunzira kuti tizinena zoona nthawi zonse, timaphunziranso kuti tisamadye anzathu miseche kapena kuwatola zifukwa. Zinthu zikamayenda bwino, mfundo ziwirizi sizikangana. Nanga munthu akalakwitsa, anthu n'kufa? Tikanena zoona zonse, kodi sitikuyalutsa mnzathu? Tikaphimba cholakwa chake, kodi sitikunamiza ana amasiye?

Tione kaye m'mene udindo woterewu adaukonzera ku United States, kumene kuli bungwe lodziwika kwambiri pantchitoyi, la National Transportation Safety Board, mwachidule NTSB. Lidakhazikitsidwa mu 1967 ndipo limatsogoleredwa ndi anthu asanu. Aliyense amasankhidwa ndi Pulezidenti, amavomerezedwa ndi aphungu a nyumba ya Senate, n'kupatsidwa zaka 5 zokhala pampando. Lamulo silola kuti opitirira atatu mwa asanuwo akhale a chipani chimodzi. Poyamba bungweli linali m'manja mwa unduna wa zamtengatenga, koma mu 1974 aphungu adalichotsamo n'kuliimika palokha. Adaona kuti nthawi zina gwero la ngozi limakhala malamulo a undunawo kapena kulekerera kwake, ndipo munthu sangafufuze momasuka nyumba imene amadyamo nsima.

Chodabwitsa n'chakuti bungwe lolemekezeka chonchi lilibe ndodo. Silingamange munthu, silingalipiritse kampani, silingakhazikitse lamulo. Limangofufuza chimene chidayambitsa ngozi, n'kupereka malangizo. Ngakhale lipoti lake, lamulo silola kuti munthu alitengere kukhothi ngati umboni pamlandu wofuna chipukuta misozi. Pa zandege, maiko a m'bungwe la ICAO, kuphatikizapo Malawi, adagwirizana mfundo yofanana nayo m'chikalata chotchedwa Annex 13. Adati kafukufuku wa ngozi akhale wopewera ngozi zina basi, osati wogawira anthu milandu.

Tikangomva koyamba, zimenezi zimaoneka ngati kufooka, kapenanso kukondera akuluakulu. Kuti timvetse chifukwa chake, tikhale pang'ono pa ngozi imodzi.

Madzulo a pa 28 Disembala 1978, ndege ya kampani ya United Airlines ya mtundu wa DC-8 inkayandikira mzinda wa Portland ndi anthu 189. Potsitsa matayala kuti atere, oyendetsa adamva chiphokoso, ndipo nyali yosonyeza kuti matayala a kumanja akhoma bwino sidayake. Kaputeni anali munthu wodziwa ntchito, woti adauluka maola oposa 27,000. Adaganiza zozungulira kaye mumlengalenga kuti aunike vutolo ndi kukonzekeretsa okwera. Adazungulira pafupifupi ola lathunthu. M'chipinda choyendetsera munali anthu ena awiri, wachiwiri wake ndi injiniya. Iwo ankaona kuti mafuta akutha, ndipo adatchulako, koma mwaulemu wozungulira, ngati m'mene mwana amanenera kwa bambo wake chinthu chimene akuopa kuti chiwakwiyitsa. Maganizo a kaputeni anali pa matayala. Mafuta adatha, mainjini adazima, ndege idagwera pamalo okhala anthu pafupifupi makilomita 10 kuchokera pabwalo la ndege. Anthu 10 adamwalira, mmodzi mwa iwo injiniya uja. Pambuyo pake zidapezeka kuti matayalawo anali atatsika ndi kukhoma bwinobwino.

Funso lakuti walakwa ndani likadayankhidwa m'mawa mwake. Walakwa kaputeni, achotsedwe ntchito, nkhani yatha. Lipoti la NTSB silidabise zimenezo. Lidanena poyera kuti kaputeni sadasamale za mafuta ndipo sadamvere bwino zimene anzake ankamuuza, lidanenanso kuti awiri enawo adalephera kufikitsa nkhawa yawo m'makutu mwake. Koma atsogoleri a bungwelo sadaimire pomwepo. Adafunsa kuti zimatheka bwanji anthu atatu ophunzira bwino kukhala m'chipinda chimodzi, awiri akuona imfa ikubwera, koma osatha kumuuza wachitatu momveka. Yankho silinali mwa munthu mmodzi. Linali m'chizolowezi cha ntchito yonse, chimene chinkamuyesa kaputeni mfumu yosayankhidwa. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 1977, anthu 583 adafa pachilumba cha Tenerife pamene ndege ziwiri zidaombana m'chifunga, ndipo kumenekonso injiniya adafunsa ngati msewu unali woyera, kaputeni n'kuyankha motsimikiza kuti inde, injiniya osabwerezanso. Choncho bungwelo lidalangiza kuti makaputeni aziphunzitsidwa kumvera anzawo, ndipo achichepere aziphunzitsidwa kulankhula molimba mtima. Mu 1981 kampani ya United idayambitsa maphunziro oterewa, ndipo lero, pansi pa dzina la Crew Resource Management, ali m'makampani a ndege padziko lonse.

Ife amene timaphunzira za kukambirana sitingalephere kuzindikira nkhope ya chiphunzitso chathu pamenepa. Timaphunzitsidwa kuti pokambirana aliyense anene maganizo ake momasuka ndi mwaulemu, ndipo wamkulu asayese kuti kumutsutsa ndi kumunyoza. Kwathu kuno mfundo imeneyi si yopepuka. Tidaleredwa kuti mwana sayankha akulu, ndipo mwambo umenewu uli ndi ubwino wake umene sitifuna kuutaya. Koma tonse tidakwerapo minibasi yothamanga moopsa, anthu 18 ali chete, aliyense akupemphera chamumtima, chifukwa amene angayerekeze kunena kuti "Adalaivala, chepetsaniko" amayankhidwa kuti ngati ali ndi mantha atsike. Ulemu umene umatseka pakamwa pa munthu amene akuona ngozi wasiya kuthandiza wamkulu amene ukumulemekezayo.

Apa m'pamene pagona chifukwa chosiyanitsira kufufuza ndi kuweruza. Munthu akadziwa kuti liwu lililonse limene anene lidzamumangitsa, amasankha mawu, amaiwala dala, amaitana loya. Makaniko amene adaona bawuti itamasuka koma n'kuisiya chifukwa bwana ankamufulumizitsa sangaulule, ndipo chizolowezi chofulumizitsacho chimatsala chikudikira ngozi ina. N'chifukwa chake Annex 13 imateteza zimene mboni zanena kwa ofufuza, pamodzi ndi mawu ojambulidwa m'chipinda cha oyendetsa, kuti zisamangotengedwa kupita nazo kwina, ndipo malipoti ambiri a masiku ano amatchula munthu ndi udindo wake, osati dzina lake. Cholakwa chimanenedwa chonse, ndi ola lake ndi mphindi yake, koma chimanenedwa kwa anthu amene angachikonze, ndi cholinga choti chikonzedwe. Miseche imachita zosiyana: imanenedwa kumbali, kwa anthu amene sangakonze kanthu, ndipo chimene imasaka ndi mbiri ya munthuyo. Ndiye kuti chosiyanitsa choonadi ndi miseche si kukula kwa cholakwa chimene chatchulidwa, koma amene akuuzidwa ndi chimene wonenayo akufuna.

Komabe tisafulumire kukhutira. Tiganizire mayi amene mwamuna wake anali m'ndege ija. Tingamuuze kuti imfa ya mwamuna wake yaphunzitsa dziko lonse, iye n'kutiyankha kuti sadapereke mwamuna wake kuti akhale phunziro. Wodya nyemba amaiwala, koma wotaya makoko saiwala. Mayiyu ali ndi ufulu wofunsa kuti walakwa ndani, ndipo chipembedzo chathu sichimulanda ufuluwo. 'Abdu'l-Bahá adasiyanitsa zimene zimayenera munthu payekha ndi zimene zimayenera mudzi wonse: munthu amalimbikitsidwa kukhululuka ndi kusabwezera, koma mabungwe a dziko ali ndi udindo woteteza anthu, ndipo kuteteza nthawi zina kumafuna chilango. Choncho khothi lili ndi ntchito yake, apolisi ali ndi yawo, ndipo ku United States komweko, pakaoneka zizindikiro zoti ngozi idachitika mwachiwembu, kafukufuku amapita m'manja mwa apolisi a FBI. Wofufuza ngozi sathetsa mlandu. Amangokana kukhala woweruza ndi wofufuza pa nthawi imodzi.

Ngakhale zili choncho, ife tikuona kuti pali mbuna ziwiri zimene lamulo palokha silingazikwirire. Mawu akuti "sitikuloza munthu chala" akhoza kusanduka bulangeti lofunditsa akuluakulu amene adadula ndalama zokonzera makina kapena adanyalanyaza chenjezo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mbuna inayo ndi yozama kuposa imeneyi, ndiyo kukankhira zonse kwa dalaivala kapena woyendetsa ndege amene wafa. Womwalira sadziyankhira, ndipo kumupachika mlandu sikudya ndalama ya kampani kapena ya boma. Aliyense amene ali moyo amapuma. Amene angaletse zonse ziwirizi ndi munthu wokhala pampando wapamwamba uja, chifukwa ndiye amasainira lipoti, ndiye amaima pamaso pa atolankhani, ndiyenso amalandira lamya yochokera kwa amene adamusankha.

Nthawi zina kulimba mtima kwake kumaoneka m'mawu ochititsa manyazi akuti "sitikudziwa". Mu Malichi 1991 ndege ya Boeing 737 idapendekeka mwadzidzidzi n'kugwa poyandikira mzinda wa Colorado Springs, anthu onse 25 n'kufa. Atafufuza kwa nthawi yoposa chaka ndi theka, a NTSB adalengeza kuti alephera kupeza umboni wokwanira wa chimene chidaigwetsa. Tangoganizani kuima pamaso pa ofedwa n'kunena zimenezo, pamene kungotchula mphepo kapena kulakwitsa kwa oyendetsa kukadatseka faelo. Mu Sepitembala 1994 ndege ina ya mtundu womwewo idagwa mofananamo pafupi ndi Pittsburgh, n'kupha anthu 132. Kampani yopanga ndegezo inkaganizira kuti oyendetsa adaponda molakwika. Mu 1996 ndege yachitatu idachita chimodzimodzi koma idatera bwino, ndipo oyendetsa ake, pokhala amoyo, adafotokoza zimene adamva kumapazi kwawo. Mu 1999 bungwelo lidatsimikiza kuti kachipangizo koyendetsa chiwongolero cha kumchira kankatha kukakamira, chiwongolero n'kupita mbali yosiyana ndi imene woyendetsa waponda. Mu 2001 adabwerera ku lipoti la Colorado Springs n'kulikonza. Akadanamizira akufa mu 1992, faelo ija ikadakhala yotseka, ndipo pofika ngozi ya ku Pittsburgh pakadasowa poyerekezera.

Nkhani zimenezi si zakutali kwa ife. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Akatswiri a bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Germany, la BFU, adabwera kudzafufuza, ndipo mwa zina adanena kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga kayendedwe kake. Komishoni imene Pulezidenti adakhazikitsa idapereka lipoti lake mu Disembala chaka chomwecho. Si ntchito ya gulu lathu kuweruza malipoti amenewa, ndipo monga Abahá'í sitilowa m'mikangano ya zipani. Koma tonse tidaona chinthu chimodzi m'misika ndi m'mabasi. Anthu ambiri, asanafunse kuti ofufuza apeza chiyani, ankafunsa kuti adawasankha ndani. Chidaliro sichipangidwa tsiku la maliro. Mpando wa wofufuza umakhulupirika chifukwa cha ngozi zing'onozing'ono zambiri zimene palibe mtolankhani adazitsata, pamene wokhalapo adanena zoona ngakhale panalibe womuyang'ana. Nafenso omvera tili ndi mbali yathu. Chiphunzitso choti munthu azifufuza choonadi payekha sichitanthauza kukhulupirira mphekesera iliyonse ya pa WhatsApp imene ikugwirizana ndi mkwiyo wathu. Munthu amene watumiza kwa anzake 50 nkhani yoti sadaitsimikize wadya miseche, ngakhale wodyedwayo atakhala nduna.

Mu 1875 'Abdu'l-Bahá adalembera olamulira ndi anthu a ku Persia buku limene m'Chingerezi limatchedwa The Secret of Divine Civilization. M'menemo adalimbikitsa kukonzanso kayendetsedwe ka dziko, koma adachenjeza kuti makonzedwe abwino sangabale zipatso ngati okhala m'maudindo ali okonda ziphuphu ndi odzikundikira. Tikayang'ana NTSB, tiona mipanda yonse imene anthu angamange pozungulira mpando: zaka zoikika, malire a chipani, kuima paokha. Mipanda imeneyi ndi yofunika, ndipo dziko limene lilibe liyenera kuimanga. Koma mpanda umateteza munda, subzala chimanga. Ngati wokhala pampando akuganiza za ntchito imene adzapemphe ku kampani ya ndege zaka zake zikatha, kapena akuopa kukhumudwitsa amene adamukweza, palibe ndime ya lamulo imene ingalowe mumtima mwake.

Pena anthu amaganiza kuti popeza Abahá'í timamvera boma, ndiye kuti timayenera kuvomereza chilichonse chimene wamkulu wanena. Ntchito ya wofufuza ngozi ikutisonyeza kuti kumvera ndi kusyasyalika ndi zinthu ziwiri. Iye ndi wantchito wa boma, amalipidwa ndi boma, sachita ziwonetsero ndipo salimbana ndi olamulira. Koma ntchito imene boma lidamulembera ndi yoti aliuze zimene mwina silifuna kumva. Akalemba lipoti lokondweretsa nduna, wabera boma lomwelo, chifukwa boma lidagula choonadi koma lalandira mankhusu. Achinyamata a m'gulu lathu amene akulota ntchito za m'boma, kaya ku nthambi yoona za pamsewu, kaya ku zandege, kaya kupolisi, adzakumana ndi yeso limeneli msanga, mwina pa chinthu chaching'ono ngati kudinda pepala loti galimoto ili bwino asanaione.

Ifenso tili ndi timipando tathu. Miyezi itatu iliyonse timakumana kuti tisinkhesinkhe za ntchito yathu, ndipo Bungwe Lauzimu limamva nkhani za kalasi ya ana imene yaima, za ndalama za thumba zimene sizikugwirizana ndi kaundula, za lole imene idanyamula achinyamata kupita kumsonkhano mabuleki ake ali okayikitsa. Poopa kutola mnzathu zifukwa, n'kosavuta kungoti "zidavuta, tipemphere" n'kupita pa mfundo yotsatira. Kutero si chifundo kwa ana amene adzakwere lole yomweyo ulendo wina. N'kosavutanso kutuluka mumsonkhano tili chete, dzina la wolakwayo n'kukatchulidwa panjira. Njira ya wofufuza ndi yovutirapo: kukhala pansi ndi munthuyo, kufunsa kuti adapangana ndi mwini lole liti, adali ndi ndalama zingati, ndani adamufulumizitsa, ndani adaona vuto koma osanena, ndipo chifukwa chiyani sadanene. Mafunso amenewa amafika ndi kwa wapampando yemwe. Tikambirane moona mtima ngati m'mudzi mwathu wachinyamata wa zaka 16 angathe kuuza mkulu amene adamuphunzitsa mapemphero kuti, "Agogo, pamenepa sipali bwino," n'kumvedwa.

Chotsalira ndi kuleza mtima kumene udindowu umafuna, pakuti wopanda ndodo amangodalira kubwerezabwereza. Mu 1969 sitima ziwiri za pamtunda zidaombana ku Darien, m'chigawo cha Connecticut, n'kupha anthu 4. Chaka chotsatira a NTSB adalangiza kuti paganiziridwe makina oimitsa sitima okha ngati woyendetsa wadutsa chizindikiro choti aime. Makinawo anali odula, ndipo makampani sadathamangire. Ngozi zina zidabwera, bungwelo n'kumalemba langizo lomwelo m'malipoti atsopano. Mu Sepitembala 2008 ku Chatsworth, m'chigawo cha California, woyendetsa sitima ya anthu amene ankalemba mauthenga pafoni adadutsa nyali yofiira n'kuombana ndi sitima ya katundu. Anthu 25 adafa, ndipo chaka chomwecho aphungu adakhazikitsa lamulo lokakamiza makinawo. Ntchito yowaika m'njanji zonse zimene lamulolo lidatchula idatha mu Disembala 2020, patapita zaka 50 chilembere langizo loyamba. Anthu amene adasainira langizo la 1970 anali atachoka kalekale pamipando yawo, ndipo okwera sitima zimenezo lero sadziwa ndi maina awo omwe.